Lumo Likabuntha, Tiziloza Zaka Kapena Malamulo?

Mkangano wake unayambira pakhonde pa amalume, kwathu kwa Ngokwe, usiku wina mvula yoyamba itangogwa kumene. Wayilesi inali pa kampando kake ka masiku onse. Muulutsi wina wodziwika bwino, yemwe sindimutchula dzina, ankacheza ndi bwana wina pa nkhani ya feteleza wotsika mtengo. M'mudzi mwathu maina angapo anali atasowa m'kaundula, kuphatikizapo la amayi anga aang'ono. Ndiye mutha kuona mmene tinatcherera khutu.

Bwana uja ankangozungulira, mawu ake ndi aja timawadziwa kale akuti "tikuunikanso" ndi "zonse zili m'chimake". Tonse tinadikira funso lachiwiri, lija lopanikiza munthu pakona. Silinabwere. Muulutsi anangoseka, kuthokoza bwanayo chifukwa chopeza mpata, kenaka nyimbo.

"Mdala ameneyu anatha basi," anatero msuweni wanga uku akusolola foni m'thumba. "Kale ankaluma, pano mano anaguluka. Akapume, apereke mpata kwa anyamata."

Amalume anachepetsa mawu a wayilesi. "Iwe unabadwa wayilesi ili kale ndi pakamwa," anatero. "Ife tinaimva ili yomangidwa kukamwa, ndipo olankhulapo ambiri anali anyamata ngati iwe."

Mawu amenewa sanandichoke m'mutu mpaka nditabwerera kutauni. Kodi chimabunthitsa muulutsi n'chiyani? Ukalamba, monga akunenera asuweni? Kapena malamulo okhwima, monga amadandaulira aulutsi eni ake? Mbiri ya wayilesi m'dziko muno ili ndi yankho lake, ndipo silikomera mbali iliyonse.

Tiyambire kumene amalume anayambira. MBC inakhazikitsidwa mu 1964, chaka chimene dziko lino linalandira ufulu, ndipo kwa zaka pafupifupi 30 inali yokhayokha. Mu 1968 kunabwera zinthu ziwiri. Choyamba ndi lamulo lopereka mphamvu ku boma kuti liziunika ndi kuletsa mabuku, nyimbo, mafilimu ndi masewero. Chachiwiri, msonkhano waukulu wa chipani cha MCP unagamula kuti Chichewa ndicho chiyankhulo cha fuko, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wayilesi. Kwa ife a m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, kumene Chiyao ndi Chilomwe n'zoyamwira, tanthauzo lake linali lakuti kabokosi kaja kankalankhula nafe, koma osati m'chiyankhulo cha pakhomo.

Amalume amakumbukira wayilesi yawo ya Nzeru, ndi mabatire oyanika padzuwa kuti afikeko tsiku lina. Amakumbukira kudzuka ndi Kwacha Kwayera, ndi nkhani zoyamba ndi Ngwazi n'kutheranso kwa Ngwazi. Ngakhale nyimbo ya Simon ndi Garfunkel yotchedwa Cecilia inaletsedwa, kungoti dzina lake linafanana ndi la Mayi Cecilia Kadzamira. Nthawi imeneyo muulutsi wa zaka 25 ndi wa zaka 55 ankamveka chimodzimodzi, chifukwa onse ankadziwa kuti lilime likaterereka, ku Mikuyu si kutali.

Apa ndiye mfundo ya asuweni yayamba kale kutsimphina. Ukanakhala kuti unyamata ndiwo umanola munthu, MBC ya m'ma 1970 ikanakhala yakuthwa koopsa.

Komatu ngakhale m'nyengo imeneyo nzeru sizinafe. Zinabisala m'masewero ndi m'mikuluwiko. Akuluakulu mpaka lero amakamba za Kapalepale wa a Smart Likhaya Mbewe, momwe anthu ankaseka mabwana odzikuza, apongozi ovuta ndi amuna othera malipiro ku mowa. Za ndale sankazikhudza, koma omvera ankadziona okha, n'kuonanso anthu amene ankawapondereza pa ntchito ndi pamudzi. Za ndale zenizeni anthu ankazisaka kunja. Mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yawo pa 8 March 1992, ambiri ankatsekera m'nyumba n'kumasakasaka BBC ndi wayilesi ya ku South Africa, ija inadzatchedwa Channel Africa, yomwe inali ndi mapologalamu a m'Chinyanja.

Referendamu ya pa 14 June 1993 ndi chisankho cha pa 17 May 1994 zinatsegula chitseko. Chitumbuka chinabwerera pa MBC mu 1994, ndipo mu 1996 nkhani zinayamba kuwerengedwanso m'Chiyao, Chilomwe ndi Chisena. Amalume akuti tsiku limene anamva nkhani m'Chiyao anaitana anthu oyandikana nawo kuti adzamve okha. Radio 2 inabwera mu 1997. Mu 1998 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo limene linabala MACRA, bungwe lopereka ziphaso ndi kuyang'anira nyumba zoulutsira mawu. Power 101 ndi Capital FM zinatsegulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo Zodiak ya a Gospel Kazako inadza mu 2005. Kwa nthawi yoyamba munthu wamba ankatha kuimba foni, mawu ake n'kumveka dziko lonse akufunsa nduna.

Koma pologalamu imene inandiphunzitsa zambiri za kuthwa sinachokere ku mawayilesi atsopanowa. Inachokera ku MBC komweko: Nkhani za M'maboma, yomwe inayamba mu 1998. Omvera ankatumiza okha nkhani za kwawo, za mfumu yogulitsa munda wa amasiye, bwana womana antchito malipiro, mphunzitsi wochimwitsa mwana wa sukulu, osaiwala za ndege za ufiti zija. Ena ankaitenga ngati nthabwala chabe. Katswiri wina wa chikhalidwe cha anthu, Harri Englund, anaifufuza kwa zaka n'kulemba buku mu 2011, ndipo anaonetsa kuti m'nkhani zimenezi anthu osauka ankadzudzula anthu a mphamvu m'njira yawoyawo. Akonzi ake sanali achinyamata oukira ayi. Anali antchito a wayilesi ya boma, odziwa bwino malire awo. Chinawanola n'chakuti tsiku ndi tsiku ankawerenga zimene anthu akumudzi alemba.

Pa wayilesi yomweyo panadzabweranso kuthwa kwa mtundu wina. M'nthawi ya a Bingu wa Mutharika kunali Makiyolobasi, pologalamu yonyoza atsogoleri otsutsa boma, makamaka a Bakili Muluzi ndi a John Tembo. Kuluma inkaluma ndithu, anthu n'kumaseka m'maminibasi. Aphungu otsutsa, omwe anali ambiri m'Nyumba ya Malamulo, anakwiya ndi kukondera kwa wayilesiyi mpaka mu 2007 anaipatsa K1 yokha mu bajeti. Funso n'lakuti, kodi kumeneko n'kulimba mtima? Galu woluma aliyense amene mbuye wake wamulozera sitimutcha wolimba mtima. Achinyamata anzanga, apa tisamale: si phokoso lililonse limene lili kuthwa. Lumo la muulutsi timaliyesa poona amene likumumeta, wamphamvu kapena wogwa kale.

Nanga malamulo? Amenewa ndi enieni, tisanamizane. Joy Radio, ya banja la a Muluzi omwe kwawo ndi kwa Kapoloma m'boma lathu lomwe lino la Machinga, inalimbana ndi MACRA mu 2008, ndipo pa tsiku la chisankho, 19 May 2009, apolisi anaitseka n'kumanga ena mwa antchito ake, ati chifukwa choulutsa za kampeni nthawi itatha. Pa zionetsero za pa 20 July 2011, zimene zinaphetsa anthu 20, MACRA inaletsa kuulutsa zochitikazo pompopompo, ndipo Capital FM, Joy Radio ndi MIJ FM zinazimitsidwa kwa kanthawi. Mu June 2019, chitatha chisankho cha Tippex chija, MACRA inaletsa mapologalamu oimba foni. Bungwe la MISA Malawi ndi nyumba zina zoulutsira mawu zinathamangira ku khoti, ndipo khoti lalikulu linachotsa chiletsocho.

Tsono taonani chodabwitsa. Zaka zimene ndodo inali pamwamba, 2011 ndi 2019 mpaka 2020, ndi zaka zomwezo zimene mawayilesi oima paokha ankamveka akuthwa kwambiri. Mlandu wa chisankho unkamveka pa wayilesi tsiku lonse, ndipo kwa Ngokwe anthu ankasiya makasu n'kuzungulira kabokosi, mpaka chigamulo cha pa 3 February 2020. Chiletso choonekera chimamupatsa muulutsi mdani womuona, omvera n'kuima kumbuyo kwake.

Lamulo limene limabunthitsa zenizeni ndi lija losachita phokoso. Mu 2022 MACRA inalanda ziphaso za nyumba zingapo, kuphatikizapo Rainbow TV, osati chifukwa cha zimene zinalankhula, koma chifukwa cha ngongole ya ndalama za chiphaso, zomwe zinkawerengedwa pa dola pomwe kwacha ikugwa. Onjezanipo kuti boma ndi makampani akuluakulu ochepa ndiwo amabweretsa malonda ambiri pa wayilesi. Muulutsi safunika kalata yomuletsa. Amangodziwa yekha kuti bwana wakhala patsogolo pakeyu ofesi yake ndi imene inalipira nthawi ya pologalamuyi, ndipo malipiro a mwezi watha sanabwerebe. Funso lachiwiri lija limafera pamenepo, pakhosi.

Palinso mpando. A Brian Banda anatchuka ndi mafunso opanikiza pa Straight Talk ya Capital FM, kenaka anakagwira ntchito ku nyumba ya boma nthawi ya Mayi Joyce Banda. Atabwerera ku utolankhani anachititsa Hot Current ku Times limodzi ndi a George Kasakula, pologalamu imene boma la DPP silinkagona nayo tulo. Boma litasintha mu 2020, a Banda anakhala mneneri wa a Lazarus Chakwera, a Kasakula anadzakhala mkulu wa MBC, ndipo a Kazako anakhala nduna ya zofalitsa nkhani. Sindikunena kuti analakwa. Munthu ali ndi ufulu wosintha ntchito. Ndikungoti tione kuti pakati pa 2019 ndi 2021 anthu amenewa anangokula ndi zaka ziwiri basi. Chinasintha si msinkhu. Anachoka ku mpando wofunsa n'kukhala pa mpando woyankha, ndipo omvera anatsala opanda owafunsira.

Umboni wotsiriza uli kutsidya kwa malire, ku Chipata m'dziko la Zambia. Kumeneko kuli Breeze FM, yomwe a Mike Daka anayambitsa mu 2002, ndipo muulutsi wake wotchuka koposa anali gogo: a Peter Grayson Nyozani Mwale, odziwika kuti Gogo Breeze, amene anali mphunzitsi asanalowe pa wayilesi. Englund yemwe uja analembanso buku la iwo mu 2018. Gogoyu ankatcha omvera ake zidzukulu, ankawerenga makalata awo m'Chinyanja, ndipo dandaulo likabwera, kaya la feteleza kaya la antchito oponderezedwa, ankanyamula chojambulira mawu n'kupita komweko kukafunsa mbali zonse. Imvi zawo ndizo zinali chida. Bwana amene akanathamangitsa mnyamata pa geti ankachita manyazi kubweza gogo, ndipo gogo ankatha kudzudzula ndi mwambi popanda kutukwana. Paja amati galu wamkota sakandira pachabe.

Ndiye yankho langa kwa asuweni ndi ili. Zaka pazokha sizibunthitsa muulutsi, ndipo malamulo olembedwa amamuopseza koma samumaliza. Amabuntha akatalikirana ndi omvera ake n'kuyandikirana ndi amene amayenera kuwafunsa. Zimangochitika kuti kuno kwathu kutalikiranako kumakula limodzi ndi zaka: dzina likatchuka pamabwera maitanidwe a ku hotela, galimoto, ana a ku sukulu zolipira, ndi anzako a m'kalasi amene tsopano ndi alembi akuluakulu m'boma. Ife timaona imvi n'kuziloza chala, pomwe vuto lili pa mtunda wa pakati pa situdiyo ndi mudzi.

Asuweni atha kunena kuti zonsezi zilibe ntchito, poti pano tili ndi Facebook, TikTok ndi mavoisi a pa WhatsApp, kumene munthu amalankhula mosaopa. Zoona, kumeneko kuli moto. Koma amayi anga aang'ono alibe foni ya intaneti, ndipo bandulo ya sabata imodzi kwa iwo ndi ndiwo za masiku angapo. Komanso wolalata pa voisi sakhala ndi bwana patsogolo pake woti amuyankhe. Amangotikwiyitsa, ife n'kugona. Ndipo ufulu wake si wonse, poti lamulo la 2016 la za pa intaneti lamangitsapo kale anthu chifukwa cha zolemba zawo. Kumadera ngati kwathu, kumene nyuzipepala siifika ndipo netiweki imachita kusakidwa pa chulu, wayilesi ikadali bwalo lokhalo limene munthu wosauka angamvere wamkulu akufunsidwa m'malo mwake.

N'chifukwa chake sindikufuna kuti mdala uja apume. Ndikufuna akwere galimoto, adutse Liwonde ndi Ntaja, afike kuno fumbi lili m'maso, akhale pa mkeka ndi amayi amene maina awo anasowa. Akatero, ndikhulupirira funso lachiwiri lidzabwera lokha, ndipo lidzaluma kuposa la mnyamata, chifukwa iye mabodza a mabwana wawamva kwa zaka zambiri ndipo amadziwa pamene amathera.

M'mawa mwake ndisananyamuke, ndinapeza amalume akulembetsa uthenga pa foni ya asuweni omwe aja, wopita ku pologalamu ija. Anatchula mudzi, gulupu ndi chiwerengero cha maina osowa. Asuweni ankalemba uku akung'ung'udza kuti n'kutaya mayunitsi.

"Tumiza, mwanawe," anatero amalume. "Akapanda kuwerenga, sabata yamawa titumizanso. Lumo silinoleka lokha."