Mpingo wa Abwenzi: Kasonkhanidwe Kawo ndi Mlandu wa Ukapolo

Mphunzitsi amene atumizidwa ku sukulu za kwa Limbuli, kapena kwina kulikonse m'tsinde mwa phiri la Mulanje, sadzalephera kuphunzitsa za malonda a akapolo, pakuti njira imodzi ya malondawo idadzera m'dziko lomwelo. Anthu omangidwa m'magoli ankapyola pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi kulinga ku Quelimane, ndipo n'chifukwa chake Boma la Harry Johnston lidamanga linga la Fort Lister pampatapo mu 1893. Ana amaloweza maina a Livingstone ndi Johnston, phunziro nkuthera pomwepo. Koma mwana wochenjera angathe kufunsa kuti: nanga Angerezi, amene zombo zawo zidadzaza nyanja ndi akapolo m'zaka za m'ma 1700, adatembenuka mtima bwanji? Mbali ina ya yankho ili m'misonkhano ya mpingo waung'ono wotchedwa Society of Friends, ndiko kunena Chiyanjano cha Abwenzi, amene akunja amawatcha Quakers. Mpingo umenewu sudamange mishoni m'dziko muno m'masiku a atsamunda, monga adachitira a ku Scotland ku Blantyre ndi ku Livingstonia, kotero ambiri a inu simudaumve.

Woyambitsa wake adali George Fox, mwana wa mmisiri woomba nsalu, wobadwa mu 1624 ku Leicestershire m'dziko la England. Chiphunzitso chake chidali chachifupi: Mulungu alankhula yekha mumtima mwa munthu aliyense, mwamuna kapena mkazi, wophunzira kapena wosaphunzira, ndipo sipafunika wansembe woima pakati. Dzina lakuti Quaker lidayamba ngati chipongwe. Mu 1650, ali pamlandu ku Derby, Fox adauza woweruza kuti anjenjemere pakumva mau a Ambuye, woweruzayo nawatcha onsewo onjenjemera. Mu 1652 Fox adalalikira khamu lalikulu pa chitunda cha Firbank Fell, ndipo nyumba ya mai Margaret Fell, yotchedwa Swarthmoor Hall, idasanduka likulu la gulu latsopanoli.

Tsono taonani mapembedzedwe awo. Ankasonkhana m'chipinda chopanda guwa, chopanda mtanda kapena chithunzi, nakhala pa mabenchi. Panalibe wotsogolera nyimbo, panalibe ulaliki wokonzeratu. Onse ankangokhala chete kudikira. Wina akamva kuti wapatsidwa mau, ankaimirira nkunena pang'ono, nakhalanso pansi, chete nkubwereranso. Tsiku lina msonkhano wonse unkatha popanda wotsegula pakamwa, ndipo sankayesa kuti tsikulo lapita pachabe. Akulu awiri akagwirana chanza, ndiye kuti kwatha. Kwa ife zimenezi n'zachilendo ndithu, pakuti kwathu gulu likakhala duu timadziwa kuti kwagwa zovuta, kapena mlandu wakanika.

Makhalidwe awo ena adawaputira adani. Sankavulira chipewa munthu aliyense, ngakhale woweruza kapena mfumu. Chingerezi cha masiku amenewo chidali ndi mau awiri olingana ndi athu aja, iwe ndi inu, koma Abwenzi ankanena iwe kwa onse, poti onse ndi ofanana pamaso pa Mulungu. Ganizani mnyamata atafika pabwalo nkuitana a gulupu kuti iwe, ndipo mudzamvetsa ukali umene adaulandira. Ankakana kulumbira m'bwalo la milandu, ponena kuti wolumbira avomereza kuti masiku ena amanama. Ankakana nkhondo, nakananso kupereka chakhumi ku mpingo wa Boma. M'masitolo mwawo ankatchula mtengo umodzi wosanenerera. Munthu wozolowera msika wa Limbuli, kumene wogula ndi wogulitsa amakokana kufikira wina atatopa, angaone ngati kuuma mtima, koma makolo adaona kuti angathe kutuma mwana ku sitolo yotere osaopa kuti amubera. Ngakhale masiku a sabata ankangowawerenga, Tsiku Loyamba, Tsiku Lachiwiri, monga tichitira ife, kungoti iwo ankayambira pa Lamulungu, kotero Lachiwiri lawo ndilo Lolemba lathu.

Mu 1662 Nyumba ya Malamulo idaletsa Abwenzi asanu kapena kupitirira, a zaka 16 kupita m'tsogolo, kusonkhana kuti apembedze. Magulu ena ozunzidwa ankabisala, koma awa ankasonkhana poyera, pa ola lodziwika, zitseko zili zotsekula. Zikwi zambiri adaponyedwa m'ndende, ndipo mazana adafera momwemo, kufikira lamulo la 1689 lidawapatsa mpumulo. Pali nkhani ina imene aphunzitsi ayenera kuidziwa: ku Reading cha m'ma 1664, ndi ku Bristol mu 1682, akulu atatengedwa, ana ndiwo adapitiriza msonkhano paokha, ngakhale ena a iwo adamenyedwa chifukwa cha zimenezo.

Chimene chidasunga mpingowu m'mazunzo otere ndi dongosolo la misonkhano ya ntchito, limene Fox adalikhazikitsa mu 1667 ndi 1668 atatuluka m'ndende ya ku Scarborough. Timagulu ta dera limodzi tinkakumana mwezi ndi mwezi. Misonkhano ya pamweziyo inkatumiza nthumwi ku msonkhano wa miyezi itatu. Ndipo pamwamba pa yonse padali msonkhano wa pachaka. Amai adali ndi misonkhano yawoyawo ya ntchito, yokhala ndi thumba lake ndi mlembi wake, chinthu chosaoneka kawirikawiri m'masiku amenewo. Msonkhano wa pamwezi ndiwo unkaona za amasiye, kupezera ana amasiye mmisiri wowaphunzitsa ntchito, kuyendera andende, ndi kulemba m'buku obadwa ndi omwalira. Mnyamata ndi mtsikana akafuna banja, ankaonekera pamsonkhano, ndipo ankasankhidwa anthu okafufuza ngati palibe chopinga, ntchito yonga ya ankhoswe athu. Pa tsiku la ukwati awiriwo ankaimirira nalonjezana okha, popanda mbusa, ndipo onse opezekapo ankasaina kalata ya ukwatiyo. Msonkhano unkalanganso. Joseph Lancaster, mphunzitsi wa ku Borough Road mu London, amene adatchuka ndi njira yophunzitsa ana ambiri pogwiritsa ntchito mamonitala, adachotsedwa mumpingo mu 1814, makamaka chifukwa cha ngongole zimene sankabweza. Kutchuka kwake sikudamuombole.

Koma chachikulu, chimene ndifuna muchigwire bwino, ndi m'mene ankamangira mfundo. Sankakweza manja kapena kuponya voti. Nkhani ikabwera, ofuna kunena ankanena mmodzimmodzi, ndi kamphindi ka chete pakati. Kutsogolo kunkakhala mlembi, amene sadali wapampando wolamula. Ntchito yake idali kumvetsera kufikira ataona kumene mitima ya onse ikuloza; pamenepo ankalemba mfundoyo nthawi yomweyo, naiwerenga mokweza, naikonza kufikira onse atavomereza kuti ndiyo. Ngati mgwirizano sudapezeke, nkhani inkagona kufikira msonkhano wina. Pabwalo la kumudzi napo anthu amalankhula kufikira mau atatha, koma potsiriza mfumu imagamula, ndipo chigamulocho chimasungidwa m'mitu ya anthu. Abwenzi adalibe mfumu yogamula, koma adali ndi buku. Ambiri a inu mudzasankhidwa kukhala alembi a komiti ya sukulu, chifukwa m'midzi yambiri cholembera chimaperekedwa kwa mphunzitsi, ndipo mudzaona mikangano imene imabuka pamene mlembi akalemba maminitsi kunyumba patapita masiku, aliyense nkumakumbuka zakezake. Kuwerenga mfundo anthu asanabalalike kumatseka khomo limenelo.

Njira imeneyi idayesedwa kwenikweni pa mlandu wa ukapolo, ndipo apa sitiyenera kuwakometsera. Abwenzi atawolokera ku America ambiri adalemera, nagula akapolo monga anzawo onse. Ngakhale William Penn, amene adayambitsa dziko la Pennsylvania, adali nawo. Mu 1688 amuna anai a ku Germantown, mmodzi wa iwo Francis Daniel Pastorius, adalemba kalata yotsutsa kugula ndi kugulitsa anthu. Msonkhano wa pamwezi udaona kuti nkhaniyo njolemera, nuipereka ku wa miyezi itatu. Uwonso udaikankhira ku wa pachaka. Wa pachaka sudafune kugamula, ndipo kalatayo idasungidwa m'mapepala nkuiwalika kufikira idapezekanso mu 1844. Benjamin Lay, amene ankadzudzula eni akapolo mwaukali pamaso pa msonkhano, adachotsedwa mu 1738. Amene adasuntha phirilo ndi anthu ofatsa awiri: John Woolman, telala wa ku New Jersey, ndi Anthony Benezet, mphunzitsi wa ku Philadelphia amene ankaphunzitsa ana a anthu akuda kunyumba kwake madzulo. Woolman ankayenda khomo ndi khomo, nakhala pansi ndi mwini akapolo kukambirana naye ngati mbale. Mu 1758 msonkhano wa pachaka wa ku Philadelphia udamanga mfundo yakuti ogula kapena kugulitsa akapolo asakhalenso ndi mbali pa ntchito za mpingo, nusankha anthu oyendera onse osunga akapolo. Mu 1776 udalamula kuti wokana kumasula akapolo ake achotsedwe.

Werengani zakazo: kuchokera 1688 kufikira 1776 ndi zaka 88. Mwana amene adagulidwa pamene kalata ya ku Germantown inkalembedwa adakalamba nafa ali kapolo, abale ake a m'chipembedzo cha mbuye wake akudikirabe kuti mitima igwirizane. Ine ndiyesa kuti uku ndi kuipa kwa njira yodikira onse, ndipo amene amalipira mtengo wa kudikirako kawirikawiri ndi amene alibe mpando pamsonkhanopo. Komabe tinene zoona mbali inayo: mfundoyo itamangidwa, padalibe gulu logonjetsedwa pa voti loti nkudzaigwetsa chaka chamawa. Mpingo wonse udasamba m'manja maboma ambiri asadathetse ukapolo.

Ku England nkhaniyo idayenda pa makwerero omwewo a misonkhano. Mu 1783 msonkhano wa pachaka wa ku London udatumiza ku Nyumba ya Malamulo pempho lothetsa malonda a akapolo, losainidwa ndi anthu 273. Pa 22 May 1787 amuna 12 adakumana m'nyumba yosindikizira mabuku ya James Phillips nakhazikitsa komiti yolimbana ndi malondawo; 9 mwa iwo adali Abwenzi, ndipo mwa otsalawo mudali Thomas Clarkson ndi Granville Sharp a mpingo wa Anglican. Popeza Abwenzi sankalumbira, sankatha kulowa m'Nyumba ya Malamulo, kotero adafunika William Wilberforce wowalankhulira m'katimo. Koma iwo ndiwo adali ndi mlembi m'tauni iliyonse wodziwa kusonkhetsa ndalama, kugawa timabuku ndi kutolera maina. Lamulo loletsa malonda a akapolo lidadza mu 1807, ndipo lothetsa ukapolo m'maiko a Angerezi mu 1833. Wolowa m'malo mwa Wilberforce, Thomas Fowell Buxton, sadali wa mpingowu, koma amake ndi mkazi wake Hannah Gurney adachokera m'mabanja a Abwenzi. Pa 1 June 1840 Buxton adachititsa msonkhano waukulu ku Exeter Hall wonena za kuthetsa ukapolo m'kati mwa Africa mwa njira ya malonda abwino ndi Chikhristu, ndipo m'khamulo mudakhala mnyamata wophunzira zamankhwala, David Livingstone. Iyeyu ndiye adafika ku nyanja ya Chilwa mu 1859 naona phiri la Mulanje. Tisabise kwa ana kuti kwathu kuno malondawo adatha ndi mfuti za asilikali a Johnston, zida zimene Abwenzi sakadazigwira. Iwo adakonza maganizo a anthu, ena namaliza ndi njira ina.

Pamene Abwenzi adakumana maso ndi maso ndi anthu ochokera kwathu ndi pa chisumbu cha Pemba. Akapolo ambiri a m'minda ya Aluya ku Zanzibar ndi Pemba adali Anyanja ndi Ayao otengedwa kudzera ku Kilwa. Mu 1897, chaka chimene lamulo lidaleka kuzindikira ukapolo pa zisumbuzo, Theodore Burtt adatsegula mishoni ya Abwenzi a ku England, nagula munda wa Banani kuti omasulidwa apezepo malo ndi ntchito yolandira malipiro.

Mpingo udakula kwenikweni ku Kenya. Mu 1902 Willis Hotchkiss, Arthur Chilson ndi Edgar Hole, ochokera ku America, adamanga ku Kaimosi pakati pa Abaluhya, mtundu umene tisausokoneze ndi Aluya aja. Amishoniwa adachokera ku nthambi ya Abwenzi imene idali italandira kale abusa, ulaliki ndi nyimbo, kotero chete wa masiku a Fox sadafike nawo. Ku Kaimosi kudamangidwa chipatala, sukulu zaluso ndi sukulu ya aphunzitsi, ndipo Joel Litu adagwira ntchito yaikulu pomasulira Baibulo m'chinenero cha Amaragoli. Msonkhano wa pachaka wa kum'mawa kwa Africa udakhazikitsidwa mu 1946, ndipo lero Kenya ili ndi Abwenzi ambiri kupambana dziko lina lililonse. Mlendo wochokera ku Mulanje atalowa m'tchalitchi chawo Lamulungu angapeze makwaya ndi mlaliki monga kwawo. Chimene adasunga ndi makwerero aja, msonkhano wa pamudzi, wa pamwezi, wa miyezi itatu ndi wa pachaka, misonkhano ya amai, ndi mlembi pa thebulo lake. Makwererowo sadaletse magawano: chitsitsimutso cha ku Kaimosi cha 1927 chidabala mipingo ya Mzimu imene idatuluka, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1970 msonkhano umodzi wa 1946 uja udagawikana kukhala misonkhano yambiri ya pachaka, uliwonse ndi dera lake ndi mlembi wake.