Galimoto Yogonamo pa Nthawi ya Mkuntho

Ku United States anthu ambiri ali ndi magalimoto aakulu amene mkati mwake muli bedi, malo ophikira ndi cimbudzi. Magalimotowa amawachula kuti motorhome kapena RV. Ena amayenda nawo pa nthawi yopuma ku nchito, pamene ena amakhalamo caka conse. Dziko lomweli ndilo limakanthidwa ndi akavuluvulu oopsa ambiri kuposa maiko ena onse, pafupifupi 1,200 pa caka. Malangizo a bungwe loona za nyengo la National Weather Service ndi akuti galimoto yotere si malo othawirako mkuntho ukafika.

Cifukwa cake ndi kapangidwe ka galimotoyi. Makoma ake ndi aatali ndiponso opepuka, ndipo ilibe maziko oigwirizira pansi, cotero mphepo ikaiomba ca m'mbali imagubuduzika. Kuyambira mu 2007 mphamvu za akavuluvulu amaziyeza pa muyezo wa Enhanced Fujita. Wofooka kwambiri, wa EF0, amakhala ndi mphepo yothamanga makilomita 105 mpaka 137 pa ola. Wa EF5 amapitirira makilomita 322 pa ola, monga amene anaononga mzinda wa Joplin ku Missouri pa 22 May 2011 ndi kupha anthu oposa 150.

Kumvetsa macenjezo

Bungweli limatulutsa mauthenga a mitundu iwiri. Uthenga wa watch umatanthauza kuti nyengo ingathe kuipa, ndipo ndiyo nthawi yokonzekera. Uthenga wa warning umatanthauza kuti ngozi yaoneka kale kapena ili pafupi, ndipo munthu ayenera kuthawira pabwino nthawi yomweyo. Mauthengawa amaulutsidwa usana ndi usiku pa wailesi ya NOAA Weather Radio. Popeza amachula maina a maboma ang'onoang'ono, wapaulendo ayenera kudziwa dzina la dera limene waimamo.

Kukonzekeretsa galimoto

Kukonzekera kumayamba pofika pa malo ogona. Woyendetsa afunse kumene kuli nyumba yolimba ya njerwa kapena cipinda ca pansi pa nthaka, ndipo aone njira yopitira kumeneko kusanade. Asaime pansi pa mitengo ikuluikulu kapena pa malo otsika a m'mphepete mwa mtsinje.

Uthenga wa watch ukamveka, apinde cinsalu ca mthunzi ca panja, alowetse zipinda zimene zimatulukira m'mbali, atseke mawindo ndi botolo la gasi, ndipo acotse nthambo ya magetsi. Mipando ndi ziwiya za panja zilowe mkati, pakuti mphepo imaziulutsa ndi kuvulaza nazo anthu. Ngati malo alola, kutsogolo kwa galimoto kuyang'ane kumene mphepo ikucokera. Thanki ikhale yodzaza mafuta, ndipo cikwama ca mankhwala, ziphaso, madzi akumwa ndi toci cikhale pafupi ndi khomo.

Mkuntho ukafika

Cenjezo la kavuluvulu likaperekedwa, onse atuluke ndi kukalowa m'nyumba yolimba, m'cipinda ca pakati copanda mawindo. Kubisala pansi pa mlatho wa pamseu n'koopsa. Anamondwe a pa nyanja ya Atlantic, amene nyengo yawo imayamba pa 1 June ndi kutha pa 30 November, amalengezedwa kudakali masiku, cotero njira yabwino ndiyo kucoka msanga miseu isanadzaze.

Madzi osefukira amapha anthu mwadzidzidzi, makamaka usiku. Pa 11 June 2010 anthu 20 anafa pa malo ogona a Albert Pike ku Arkansas. Pa 4 July 2025 mtsinje wa Guadalupe ku Texas unakwera mamita pafupifupi 8 m'mphindi 45, n'kukokolola magalimoto ogonamo amene anaima m'mbali mwake, ndipo anthu oposa 130 anataya miyoyo. Madzi othamanga akuya masentimita 15 angagwetse munthu wamkulu, ndipo a masentimita 60 angatenge magalimoto ambiri. Mseu ukamizidwa, woyendetsa abwerere.

Ponena za mphezi, galimoto ya denga ndi makoma a citsulo imateteza amene ali mkati, koma ya fiberglass siteteza motero. Munthu adikire mphindi 30 kucokera pa kugunda komaliza kwa bingu asanatuluke panja.

Mkuntho ukapita

Ngozi siitha mphepo ikaleka. Nthambo za magetsi zimene zagwa zisakhudzidwe, ndipo ngati gasi akununkha, moto usayatsidwe. Jenereta iikidwe panja, mamita osacepera 6 kucokera pa mawindo ndi zitseko, pakuti utsi wake uli ndi mpweya wa carbon monoxide umene suoneka ndiponso sununkha, koma umapha anthu ali m'tulo.