Madzi Saiwala Khwawa: Suweji, Poliyo ndi Ife a Kumudzi

Pa 17 February 2022, Unduna wa Zaumoyo unalengeza kuti mwana wina wazaka zitatu wa ku Lilongwe, amene anafa ziwalo mu November 2021, anali ndi poliyo. Nkhaniyi inadzidzimutsa ambiri. Matendawa anamveka komaliza m'dziko muno mu 1992, ndipo mu August 2020 bungwe la WHO linali litangolengeza kuti poliyo wa mtundu umenewu watha mu Africa monse. Akatswiri atakaunika kachilomboko, anapeza kuti n'kapachibale ndi kamene kanali ku Sindh, m'dziko la Pakistan.

Funso linali lakuti: kanali katafika kale kwa anthu angati? Paja poliyo ndi matenda obisala. Mwa anthu pafupifupi 200 amene atenga kachilomboka, m'modzi yekha ndi amene amapuwala. Ambiri amangoyenda bwinobwino, osamva ngakhale mutu, koma kachilomboko kakutuluka m'chimbudzi chawo kwa masabata angapo. Ndiye ukadikira kuti odwala afike kuchipatala, wachedwa kale. Njira ina ndi kupita kumene zimbudzi za anthu ambiri zimakumana, n'kukatunga madziwo kuti akayezedwe.

Nzeru imeneyi si ya dzulodzulo. Mu 1939, madokotala awiri a ku Yale ku America, John Paul ndi James Trask, anapeza kachilombo ka poliyo m'madzi a m'suweji. Mu 1948, katswiri wina ku England, Brendan Moore, anapeza njira yosavuta: kumanga kansalu kachipatala ku chingwe, kukasiya m'ngalande masiku awiri kapena atatu, kenako n'kuyeza tizilombo takanirira pamenepo. Ankasakasaka gwero la matenda a mtundu wa tayifodi, ndipo mpaka lero kansaluko kamadziwika ndi dzina lake. Mu 2013, dziko la Israel linapeza poliyo m'suweji popanda mwana ndi m'modzi yemwe wopuwala, n'kuthamangira katemera. Ku London zinachitikanso mu 2022.

Kuno kwathu, anthu a ku Blantyre ndi amene anatsogola. Ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome Programme akhala akuviika tinsalu ta Moore m'mitsinje ya mumzindawo pofufuza tayifodi, ndipo kuyambira mu 2020 ankayezanso madzi a m'mitsinje ndi m'suweji kuti aone kayendedwe ka COVID-19. N'chifukwa chiyani mitsinje? Chifukwa nyumba zambiri sizinalumikizidwe ku mapaipi a suweji, ndipo nyansi zambiri zimathera m'makwawa.

Nkhani ya mwana wa ku Lilongwe itaphulika, boma mothandizidwa ndi WHO linakhazikitsa malo otungirako madzi oyeza poliyo m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu. Mu March 2022 kunayamba katemera wa khomo ndi khomo, yemwe anafalikiranso ku Mozambique, Zambia, Tanzania ndi Zimbabwe. Kuchigawo cha Tete kunapezeka ana ena asanu ndi atatu odwala. Mu May 2024 kunalengezedwa kuti mliriwo watha. Kuti akuluakulu alimbe mtima kunena zimenezi, mbali ina ya umboni inali madzi onyansa aja, omwe ankayezedwa mobwerezabwereza osapezekamo kachilomboko.

Koma apa ndi pamene nkhaniyi imatikhudza ife a ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma. Suweji ya ku Kauma imamva za anthu a m'tauni, ndiponso si onse. Kwathu kuno ndi zimbudzi zokumba, banja lililonse ndi dzenje lake. Palibe paipi imodzi imene ingaulule za mudzi wonse. Pamenepo matenda sadziwa malire a mzinda: maminibasi a pamsewu wa Mchinji amadzaza m'mawa ndi madzulo, ndipo tsiku la msika pa Nsaru kapena pa Mpingu limasonkhanitsa anthu ochokera konsekonse.

Kolera wa 2022 mpaka 2023 anatiphunzitsa zimenezi mowawa. Anayambira ku Machinga mu March 2022, n'kufika m'maboma onse, ndipo anapha anthu oposa 1,700. Lilongwe inali pakati pa maboma amene anavutika kwambiri, moti mu January 2023 sukulu za mumzinda zinachedwa kutsegulidwa. Mvula ikagwa yambiri, zimbudzi zosakuya zimasefukira, madziwo n'kutsetserekera kudambo kumene kuli zitsime. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo chimene chatuluka kuchimbudzi cha kumtunda chimakapezeka mumtsuko wa kumunsi.

Ndiye titani? Pamene labotale sikufika, maso a dera amakhalabe mlangizi wa zaumoyo, anamwino a ku St Gabriel's ndi ku Kabudula, mafumu, ndi inu amene muli ndi foni m'manja. Mwana wosakwana zaka 15 akafooka mwendo kapena dzanja mwadzidzidzi, musayambe mwanena za ufiti. Kamuuzeni mlangizi tsiku lomwelo, chifukwa chimbudzi chake chimafunika kuyezedwa pasanathe masabata awiri. Anthu angapo akatsegula m'mimba mudzi umodzi, chimodzimodzi.

Ndipo aphungu ndi makhansala akabwera kudzapempha voti, tiziwafunsa: kodi ngalande za m'misika yathu ndi mitsinje ngati Namitete ndi Bua zidzayamba liti kuyezedwa? Chingwe ndi kansalu sizodula. Chodula ndi kudziwa mochedwa.