Mlandu wa Tirigu ku Mangalande

 Usiku uno ndikusimbirani mlandu umene unabvuta dziko la Mangalande zaka 31, mlandu wa mtengo wa mkate. Munthu wogula ufa ndi malipiro ace adzaumva msanga.

Pa nthawi ya nkhondo ya Napoleon tirigu wa maiko ena sanali kufika bwino ku Mangalande. Mtengo unakwera, ndipo eni minda yaikuru analemera. Nkhondo itatha m'caka ca 1815, iwo anaopa kuti tirigu wakunja adzagwetsa mtengo. Tsono aphungu ambiri a m'Nyumba ya Malamulo anali eni minda omwewo, pamene mzinda waukuru wa Manchester unalibe phungu wace kufikira 1832. Motero anaika lamulo lakuti tirigu wakunja asalowe m'dziko kufikira tirigu wa kwao atafika masileni 80 pa muyeso umodzi. Anthu a mu London anacita cipolowe, kotero kuti asilikari anaima kulonda Nyumba ya Malamulo.

Eni minda anali ndi mau ao. Anati dziko losadzilimira cakudya lidzagwidwa pakhosi tsiku la nkhondo, ndipo anchito a m'minda adzasowa pogwira. Mauwa sanali opusa ai. Koma taonani kumene ndalama inali kucokera. Boma silinaturutse kanthu m'thumba mwace. Analipira ndiye woomba nsalu ndi wokumba malasha, tsiku liri lonse pogula mkate, osaona kalata ya msonkho iri yonse. M'caka ca 1828 lamulo analifewetsa, nalola tirigu kulowa ndi msonkho wotsika pamene mtengo wakwera, koma mpanda unali cikhalire.

M'caka ca 1838 ku Manchester kunayamba bungwe lolimbana ndi lamuloli, ndipo atsogoleri ace omveka anali Richard Cobden ndi John Bright. Anayenda m'mizinda kucita misonkhano, natumiza timabuku tosawerengeka ndi positi ya kobiri imodzi imene inayamba m'caka ca 1840. Onse awiri anali eni nchito za nsalu, ndipo anchito ena sanawakhulupirire, nati, awa afuna mkate utsike kuti atsitsenso malipiro athu. Ine sindiwatsutsa anchito aja pokayika. Mbuzi ikaona fisi ali kuilirira, iyenera kufunsa cifukwa cace.

Cimene cinathyola mpandawo ndi njala. M'caka ca 1845 nthenda inagwira mbatata za kacewere ku Ireland, kumene osauka analibe cakudya cina. Nduna Yaikuru, Robert Peel, anagula mobisa cimanga ca ku America ca mapaundi 100,000. Inu mudzadabwa, koma anthu a kumeneko sanadziwe kucikonola kapena kuciphika, ndipo ambiri cinawapweteka m'mimba. Peel anali mtsogoleri wa cipani ca eni minda, cimene cinamsankha kuti asunge lamulolo. Koma anali atatembenuka mtima kale, ndipo anaima pamaso pa anzace kupempha kuti lithe. Aphungu ambiri a cipani cace anamkana, namucha wopereka anzace. Anapambana ndi thandizo la adani ace. Pa 25 June 1846 nyumba ya mafumu inabvomereza, ndipo usiku womwewo anzace aja anamgwetsa pa nkhani yina. Patapita masiku anai anatula pansi udindo, osabwereranso pa mpando. Ku Ireland njala sinaleke, ndipo anafa anthu ngati miliyoni imodzi.

Msonkho unatsika pang'onopang'ono kufikira 1849, pamene panatsala sileni imodzi yokha pa muyeso. Iyonso inacotsedwa m'caka ca 1869. Alimi sanagwe msanga monga ananenera. Tsoka lao linadza citapita caka ca 1870, njanji ndi sitima za pamadzi zitayamba kututa tirigu wa m'zigwa za America. Mkate unatsika m'matauni, minda yambiri ya tirigu inasanduka busa la ng'ombe, ndipo ana a anchito a m'minda anamanga akatundu ao kunka ku matauni ndi kutsidya la nyanja.