Mbiri ya kampani ya Sage ku South Africa: Softline, Pastel ndi VIP

PRETORIA – Anthu ambiri ogwira ntchito m'dziko la South Africa, kuphatikizapo Amalawi okhala m'chigawo cha Gauteng, amalandira pepala la malipiro limene lakonzedwa ndi pulogalamu ya kompyuta ya kampani ya Sage. Kampaniyi ndi ya ku Britain, koma mapulogalamu ake odziwika kwambiri kum'mwera kwa Africa, omwe ndi Pastel ndi VIP, anayambira m'dziko la South Africa momwemo. Sage inawapeza pogula kampani imene inali mwini wake.

Chiyambi cha Sage

Sage inakhazikitsidwa m'chaka cha 1981 mumzinda wa Newcastle upon Tyne, kumpoto kwa England. Amene anaiyambitsa ndi David Goldman, yemwe anali ndi kampani yosindikiza, pamodzi ndi Paul Muller ndi Graham Wylie. Pa nthawiyo Wylie anali wophunzira pa yunivesite ya Newcastle. Cholinga chawo chinali kuthandiza mabizinesi ang'onoang'ono kusunga mabuku a zachuma pa kompyuta. Malonda anakula kwambiri pakati pa zaka za m'ma 1980, pamene makompyuta otsika mtengo a Amstrad anafika m'maofesi ambiri. M'chaka cha 1989 kampaniyi inalowa pa msika wa masheya wa ku London, ndipo mu 1999 inawerengedwa m'gulu la FTSE 100, la makampani 100 akuluakulu a pa msikawo.

Sage inakula makamaka pogula makampani ena. Ku America inagula Peachtree mu 1999 ndi Best Software mu 2000. Mu 2004 inagula Accpac kuchokera ku Computer Associates, ndipo mu 2005 inagula Adonix ya ku France. Mu 2017 inalipira madola 850 miliyoni pogula Intacct, kampani ya ku America ya mapulogalamu ogwira ntchito pa intaneti.

Softline, Pastel ndi VIP

Ku South Africa mbiriyi imayamba ndi kampani ya Softline, imene Ivan Epstein ndi anzake anakhazikitsa ku Johannesburg mu 1988. Softline inalowa pa msika wa masheya wa JSE mu 1997, ndipo nayonso inatsata njira yogula makampani anzake. Inatenga Pastel, imene inkapanga mapulogalamu osungira mabuku a zachuma, komanso VIP Payroll, kampani imene likulu lake linali ku Pretoria ndipo inkapanga mapulogalamu owerengera malipiro a antchito. Inagulanso makampani ena ku Australia, Canada ndi America.

M'chaka cha 2003 Sage inagula Softline pa mtengo wa mapaundi pafupifupi 66 miliyoni, ndipo Softline inachoka pa JSE. Epstein anapitiriza kutsogolera ntchito za m'derali kwa zaka zambiri. Dzina la Softline linakhalapobe mpaka mu 2013, pamene nthambi zake zinayamba kudziwika ndi mayina monga Sage Pastel ndi Sage VIP.

Chifukwa chogulira makampani a m'dziko momwemo

Malamulo a msonkho ndi a ntchito amasiyana m'dziko lililonse, choncho pulogalamu yolembedwera ku Britain singawerenge malipiro a munthu wa ku Mamelodi popanda kusinthidwa kwambiri. Ku South Africa wolemba ntchito amadula msonkho wa PAYE ndi kuupereka ku bungwe lotolera msonkho la SARS, limene likulu lake lili ku Pretoria. Amadulanso 1 peresenti ya malipiro ya thumba la UIF, lothandiza amene ntchito yawathera, ndipo iye amawonjezerapo 1 peresenti ina. Kumapeto kwa chaka cha msonkho wantchito amalandira chikalata cha IRP5.

Chaka cha msonkho wa anthu chimayamba pa 1 Marichi, ndipo ziwerengero zatsopano zimalengezedwa mu bajeti ya boma. Kampani ya mapulogalamu imayenera kusintha ziwerengerozo msanga. Chimodzimodzinso msonkho wa VAT: utakwera kuchoka pa 14 kufika pa 15 peresenti pa 1 Epulo 2018, mabizinesi onse olembetsedwa anayenera kusintha mapulogalamu awo. Pakachitika cholakwika, wantchito amadulidwa ndalama zosayenera, ndipo wolemba ntchito amalipitsidwa chindapusa. Pogula Softline, Sage inapeza akatswiri odziwa malamulowa pamodzi ndi makasitomala amene anali atazolowera kale mapulogalamuwo.

Mapulogalamu ake

Pastel Xpress ndi Pastel Partner anapangidwira mabizinesi ang'onoang'ono: kulemba ma invoisi, kusunga ziwerengero za katundu, ngongole ndi VAT. Pastel Evolution, imene inadzatchedwa Sage 200 Evolution, ndi ya makampani okulirapo okhala ndi nthambi zingapo. Accpac inasanduka Sage 300, pamene pulogalamu ya Adonix inakhala Sage X3. Pa nkhani ya malipiro panali VIP Classic ndi VIP Premier, kenaka VIP People, imene inadzatchedwa Sage 300 People. Kale mapulogalamuwa ankagulidwa pa disiki ndi kuikidwa pa kompyuta ya mu ofesi, koma kuyambira m'zaka za m'ma 2010 kampaniyi yakhala ikulimbikitsa makasitomala kulipira mwezi ndi mwezi kapena pachaka, ndi kugwiritsa ntchito mapulogalamu a pa intaneti.

Ku Malawi ndi ku Zambia

Mapulogalamuwa amafika ku Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi maiko ena kudzera mwa makampani ovomerezeka amene amagulitsa, kuika ndi kuphunzitsa. Kumeneko amasinthidwanso kuti agwirizane ndi malamulo a MRA ku Malawi kapena ZRA ku Zambia. Mwachitsanzo, lamulo la penshoni la ku Malawi la mu 2011 linalamula kuti wolemba ntchito azipereka 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti. Mpaka lero zilengezo zambiri za ntchito ya owerengera ndalama ku Blantyre ndi ku Lilongwe zimafuna munthu wodziwa Sage kapena Pastel, ndipo m'maofesi ambiri anthu amatchulabe mayina akale aja a Pastel ndi VIP.