Buku lokhala ndi bwalo lake ku Amritsar

Mlendo akafika pa kachisi wamkulu wa Asikhi ku Amritsar, m'chigawo cha Punjab ku India, amayamba ndi kuvula nsapato. Amazipereka pazenera la jora ghar, nyumba ya nsapato, n'kulandira kachitsulo ka nambala. Kenako amafunda kumutu, mwamuna ndi mkazi yemwe, n'kuponda m'kangalande ka madzi kotsukira mapazi. Fodya salowa, ngakhale wobisa m'thumba. Masitepe olowera mkati ndi otsika. Kachisiyo ali m'munsi, pakati pa dziwe lotchedwa sarovar, ndipo aliyense amafikako mochita kutsetsereka.

Dzina loti Kachisi wa Golide ndi la alendo. Golideyo anabwera mochedwa, cha m'ma 1830, m'nthawi ya Maharaja Ranjit Singh. Eni ake amati Harmandir Sahib kapena Darbar Sahib, ndipo dzina lachiwirili ndi limene limamasula zonse zimene mlendo aone. Darbar ndi bwalo la mfumu. Sahib ndi mbuye, mawu aulemu amene amayikidwa kumapeto kwa dzina monga ife timayikira "a" kutsogolo, kungoti Asikhi amalemekeza nawo ngakhale malo ndi zinthu. Mbendera yosonyeza kuti pano pali gurdwara, khomo la Guru, imatchedwa Nishan Sahib.

Nanga mfumu ya bwaloli ndani? Ndi buku. Asikhi anakhala ndi aphunzitsi khumi otsatizana, kuyambira Guru Nanak amene anabadwa mu 1469. Wachikhumi, Guru Gobind Singh, asanamwalire ku Nanded mu 1708, analamula kuti pampandopo sipadzakhalanso munthu, padzakhala malemba. N'chifukwa chake bukulo ndi Guru Granth Sahib, ndipo mawu onse olizungulira ndi a munthu wamoyo. Masamba ake 1,430 sawatchula masamba, amati ang, ziwalo za thupi. Limavekedwa nsalu zotchedwa rumala. Limakhala pamalo okwera, pansi pa denga la nsalu, wina ali kumbuyo akukupiza litchowa lotchedwa chaur. Amene anaonapo litchowa m'manja mwa mfumu safunika kumuuza ntchito yake.

M'bandakucha, tambala asanatope kulira, bukulo amalinyamula pamutu kuchokera m'chipinda chake, n'kuligoneka m'machira okongoletsedwa ndi maluwa otchedwa palki. Amuna amalimbirana kuikapo phewa, wina masitepe awiri okha n'kusiyira mnzake, mpaka kudutsa kamlatho kopita pakati pa dziwe. Kulitsegula kumatchedwa prakash, kuwala. Usiku amalibwezera kukapuma pabedi, ndiyo sukhasan. Mlendo wongofika masana, n'kujambula golide ndi kubwerera, amakhala wafika pabwalo osaona mfumu ikutuluka kapena kulowa.

Likatsegulidwa, wowerenga sasankha pomwe akufuna. Amangovundukula, ndipo nyimbo yoyambira tsamba lakumanzere imakhala hukamnama, lamulo la tsikulo. Wowerengayo ndi granthi. Ena amathamangira kumutchula wansembe, koma n'kulakwitsa: iye ndi wosamalira buku, sayima pakati pa munthu ndi Mulungu.

Moyang'anizana ndi kachisiyo pali Akal Takht, mpando wachifumu wa Wosafa, umene Guru Hargobind anayambitsa mu 1606, chaka chimene bambo ake, Guru Arjan, anaphedwa mu ulamuliro wa mfumu Jahangir. Guru Hargobind ankavala malupanga awiri, miri wa za dziko ndi piri wa za mzimu. Mbendera ziwiri zoyandikana pamenepo zikunena zomwezo. Pa Akal Takht ndi pamene pamagamulidwa nkhani za mpingo, ndipo ndi pamene panawonongeka kwambiri asilikali a India atalowa mu June 1984. Mipando yotere ilipo isanu, ina ku Patna, Nanded ndi Talwandi Sabo, komanso ku Anandpur kumene Khalsa, gulu la olumbira, inayambira mu 1699.

Njala ikakugwira, palibe wofunsa chipembedzo chako. Langar ndi khitchini ndi chakudya chake chaulere, chopanda nyama kuti aliyense adye. Mumakhala pansi m'mizere italiitali, mbale yachitsulo patsogolo, wina akudutsa ndi ndowa ya mphodza, wina ndi dengu la chapati. Chapati amailandira ndi manja awiri otambasula. Mzerewo uli ndi dzina, pangat, ndipo limayendera limodzi ndi sangat, mpingo. Asikhi amasimba kuti ngakhale mfumu Akbar inayamba yakhala pamzere isanaonane ndi Guru Amar Das ku Goindwal. Wotsuka mbale zako akhoza kukhala mwini sitolo yaikulu. Akuchita seva, ntchito yosalipidwa, ndipo mlendo akapinda manja a malaya n'kuyamba kusenda adyo, amangomusunthira malo.

Mayina ena ndi mbiri yokhayokha. Ku Delhi kuli gurdwara yotchedwa Sis Ganj. Sis ndi mutu, pakuti pamenepo Guru Tegh Bahadur anadulidwa mutu mu 1675.

Mawu amene ine ndimawaona olemera kuposa onse ndi darshan. Msikhi sanena kuti akukacheza ku malo oyera, amati akukaona, ndipo kuonako kumawerengedwa ngati dalitso. Mawuwa anayesedwa kwambiri malire atadula Punjab pakati mu 1947. Nankana Sahib, kumene Guru Nanak anabadwira, inatsalira ku Pakistan. Chimodzimodzi Kartarpur, mudzi umene anamanga m'mbali mwa mtsinje wa Ravi, kumene ankalima munda mpaka kumwalira mu 1539. Kuchokera ku Dera Baba Nanak, mbali ya India, ndi makilomita ochepa chabe. Kwa zaka zambiri anthu ankakwera pansanja pafupi ndi waya wa malire, n'kusinthana magalasi oonera patali kuti aone denga loyera kutsidya. Ankavula nsapato, kufunda kumutu, n'kuwerama, ndipo ankatchulabe zimenezo darshan. Msewu wowolokera unatsegulidwa pa 9 November 2019, pokumbukira zaka 550 chibadwire Guru Nanak, ndipo lamulo lake linali loti wopita m'mawa abwerere tsiku lomwelo.