Mpira ndi Mayeso: Mbiri ya Malamulo a Ophunzira Osewera, kuchokera ku America kufika ku Bunda ndi Nkhoma

Kummwera kwa boma la Lilongwe kuli malo awiri amene mbiri yawo ya maphunziro ndi yakale ndithu, ndipo malowa ndi Nkhoma, kumene amishoni a mpingo wa Dutch Reformed anakhazikitsa siteshoni yawo mu 1896, ndi Bunda, pafupi ndi msika wa Mitundu, kumene koleji ya zaulimi inakhala nthambi ya University of Malawi mu 1967. Lero ku Bunda ndi likulu la LUANAR, yunivesite imene inayamba kuima payokha mu 2012, pomwe ku Nkhoma kuli sekondale ya William Murray ndi yunivesite ya Sinodi ya Nkhoma. Konseku kuli mabwalo a masewero, ndipo funso limene lavutitsa masukulu aukachenjede padziko lonse kwa zaka zoposa 100 liliponso kuno: kodi woyenera kuvala yunifomu ya timu ya koleji ndani, nanga kolejiyo imuthandize bwanji kuti mpira usamulepheretse mayeso?

Funsoli linakula kwambiri ku United States, kumene masewero a m'makoleji anasanduka malonda aakulu kale kwambiri. Mu 1905, osewera ambiri atavulala ndipo ena atamwalira pa mpira wogundana wa ku America, Pulezidenti Theodore Roosevelt anaitanitsa akuluakulu a makoleji, ndipo mu 1906 panabadwa bungwe limene kuyambira 1910 limadziwika kuti NCAA. Poyamba nkhawa inali ya chitetezo, koma posakhalitsa kunaoneka vuto lina, loti makoleji ankalemba anyamata amphamvu ngati ophunzira pomwe m'kalasi sankaonekamo. Choncho kunayamba malamulo a kuyenerera, kutanthauza mfundo zimene wophunzira ayenera kukwaniritsa pa maphunziro ake asanaloledwe kulowa m'bwalo.

Lamulo lotchuka pa onse ndi Proposition 48, limene linavomerezedwa mu 1983 n'kuyamba kugwira ntchito mu 1986. Linkafuna kuti wolowa kumene m'koleji akhale ndi avereji ya 2.0 pa sikelo yolekezera pa 4 m'maphunziro 11 ofunikira a ku sekondale, komanso mamalikisi 700 pa mayeso olowera otchedwa SAT kapena 15 pa ACT. Ambiri analitsutsa ponena kuti likutsekera kunja ana a mabanja osauka, makamaka akuda, amene anaphunzira m'masukulu osowa zipangizo, ndipo dandaulo limeneli linali ndi maziko. Komabe umboni wa mbali inayo unali womvetsa chisoni, pakuti mu 1989 katswiri wina wampira, Dexter Manley, anauza aphungu a nyumba ya Senate kuti anakhala zaka zingapo pa Oklahoma State University asakutha kuwerenga bwinobwino. Apa m'pamene anthu anazindikira kuti kuika mpanda pakhomo sikukwanira ngati amene walowa sakusamalidwa, ndipo mu 1991 NCAA inalamula kuti makoleji akuluakulu azipereka uphungu ndi maphunziro apadera kwa osewera, ndiponso kuti zamasewero zisapitirire maola 20 pa sabata. Ngakhale chithandizo chimenechi chinapotozedwa m'malo ena, monga linaonetsera lipoti la mu 2014 lokhudza University of North Carolina, kumene ophunzira pafupifupi 3,100, pafupifupi theka la iwo osewera, analembetsa makalasi ongopeka pa zaka 18.

Ku Malawi nkhaniyi inayenda njira ina. Koleji ya Bunda inamangidwa ndi thandizo la boma la America, koma mwambo wolipirira munthu sukulu chifukwa cha luso lake la mpira sunabwere nawo. Khomo lolowera ku yunivesite lakhala limodzi kwa aliyense, ndilo satifiketi ya MSCE yokhala ndi makirediti osachepera 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndipo ngakhale bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015, limayang'ana kusowa kwa wophunzira, osati zigoli zimene wamwetsa. Kunena mwachilungamo, dongosololi lateteza makoleji a dziko lino ku manyazi amene anagwera America, ndipo ichi n'chinthu choyenera kuchisunga.

Malamulo amene alipo amachokera ku mabungwe oyendetsa mipikisano. M'masekondale muli bungwe la MASSA, m'makoleji muli TESSAM, ndipo pamwamba pake pali CUCSA ya maiko a kummwera kwa Africa, imene masewero ake anachitikira mu Lilongwe mu 2022, kenako FASU ya Africa yonse ndi FISU ya dziko lonse, yomwe inakhazikitsidwa mu 1949. Mfundo yaikulu ya mabungwewa ndi yakuti wosewera akhale wophunzira weniweni wolembetsedwa pasukulupo ndipo asapyole zaka zoikika. N'chifukwa chake mpira wa masukulu usanayambe pamakhala kafukufuku wa ziphaso, osewera atandanda m'mbali mwa bwalo, aphunzitsi a timu inayo akuyerekeza nkhope ndi chithunzi, popeza aliyense akudziwa za mchitidwe wobwereka anyamata a m'matimu a m'midzi kapena wochepetsa zaka. Pamene timu ya koleji yalowa ligi ya akuluakulu, malire amasokonekera, monga zinaonekera ndi Mzuni FC, imene inasewera mu Super League pansi pa dzina la Mzuzu University mpaka inachoka m'manja mwa yunivesiteyo n'kukhala Mzuzu Warriors.

Chimene chatsalira m'mbuyo kwambiri ndi mbali yachiwiri ija, ya chithandizo, ndipo apa m'pamene pali kulemera kwa nkhaniyi. Wophunzira wa zaulimi amene wapita kukaimira koleji yake Loweruka, n'kubwerako usiku wa Lamlungu atatopa ndi ulendo wa pabasi, amayembekezeka kupezeka ku labu kapena kumunda woyeserera Lolemba m'mawa mofanana ndi mnzake amene anakhala mulaibulale masiku onse awiri. Akalephera phunziro amalemba sapu, amene ndi mayeso achibwereza operekedwa kwa wolephera pang'ono, ndipo akalephera kwambiri amawidedwa, ndiko kuchotsedwa sukulu chifukwa cha magiredi. Lamuloli silikondera, ndipo siliyenera kukondera, koma kawirikawiri wosewerayo amadalira chifundo cha mphunzitsi aliyense payekha kuti aloledwe kulemba tesiti imene inamudutsa, kapena amadalira manotsi a anzake a m'chipinda. Zotsatira zake n'zakuti mtsikana waluso pa mpira wa manja wochokera ku Nathenje, kapena mnyamata wothamanga wa ku Mitundu, akangofika chaka chachitatu amasiya bwalo poopa kutaya digiri imene banja lonse likuyembekezera, pomwe ena amasiya sukulu adakali ku sekondale potsata matimu a m'tauni.

Zimene zingathandize sizifuna ndalama zochuluka ngati za makoleji a ku America. Ndondomeko yolembedwa yolola woimira koleji kulemba tesiti tsiku lina, kalendala ya mipikisano yopewa masabata a mayeso, ndi mphunzitsi mmodzi woikidwa kuti aziona magiredi a osewera pakati pa semesita, zonsezi zili m'manja mwa maseneti a mayunivesite ndi TESSAM, ndipo koleji ya Bunda kapena yunivesite ya Nkhoma ikhoza kuziyamba payokha popanda kudikira lamulo la Nyumba ya Malamulo.